Chitini Changa Choyezera Mvula ndi Digiri ya Takondwa

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinailemba Lachiwiri loyamba la mwezi wa Novembala chaka chatha. Yachiwiri inapita mu Januwale, yachitatu mu Malichi. Kalata iliyonse ndimailemba pawiri, ina n'kusunga m'fayilo yobiriwira pamodzi ndi kapepala ka ku positi kotsimikiza kuti inapitadi. Mpaka lero sukulu yaukachenjede ya ku Ulaya imene ndinailembera sinandiyankhe. N'chifukwa chake ndaganiza zoitula nkhaniyi kwa inu awerengi, ngakhale kuti poifotokoza ndiulula zina zimene munthu wa msinkhu wanga amayenera kupita nazo kumanda.

Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Lirangwe, ndipo sinditaya pepala. Khadi la kusikelo la mwana wanga Takondwa ndili nalo. Malipoti ake onse a kusukulu ndili nawo, kuphatikizapo lija anamulembera kuti amalongolola m'kalasi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo mlangizi wa zaulimi anatiuza pamsonkhano kuti mlimi wozindikira sadzala mvula isanakwane mamilimita 25. Anzanga anawomba m'manja, pofika kunyumba anali ataiwala. Ine ndinazika mtengo pakati pa bwalo, kutali ndi denga komanso kutali ndi mango, n'kuikapo chitini chowongoka bwino. M'mawa uliwonse 6 koloko ndinkaviikamo rula, kulemba m'kope, kenako kukhuthula madziwo. Chaka chilichonse kope lake.

Lamulo la pakhomo panga linali limodzi: palibe kudzala mpaka chitini chilole. Ndipo tinkakolola, abale. Chaka choyamba chokha ndi chimene chinativuta, koma kuyambira pamenepo nkhokwe inkadzaza anzathu akudzala kachiwiri. Ndinafika pomaphunzitsa amuna anzanga kutchalitchi za ulimi wa sayansi. Mayi a kunyumba, aNambewe, amene amagulitsa tomato ndi nandolo pamsika, sananenepo kanthu zaka zonsezo. (Ine ndinkati ndi ulemu.)

Takondwa atapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri ku Ulaya, tinamuperekeza ku bwalo la ndege ku Chileka. Mauthenga ake a pafoni ndinkawakopera m'kope lapadera, chifukwa foni imagwa m'madzi. M'menemo ndi mmene ndinadziwira moyo wa kumeneko. Chipinda chake chinali ngati khola la nkhunda. Khitchini ankagwiritsa ntchito anthu asanu ndi mmodzi a mayiko osiyanasiyana, aliyense akulemba dzina lake pa botolo la mkaka (ichi chokha ndinachiyamikira). Loweruka ndi Lamlungu ankagwira ntchito yosambitsa nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba, nkhalamba zake zokhala ndi ana amoyo, a magalimoto. Nthawi yozizira mdima unkagwa 4 koloko masana. Chimene chinandikhumudwitsa koposa n'chakuti pulofesa wake, mayi wa imvi, Takondwa ankangomutchula dzina loyamba ngati mnzake wa pamjigo.

Teremu yomaliza itafika, kunalibenso zolowa m'kalasi. Aliyense ankayenera kulemba buku la kafukufuku wake, ndipo popanda bukulo palibe digiri. Chilolezo chokhalira m'dzikomo chinkathanso teremu yomweyo. Takondwa anasankha kulemba za mvula ndi chimanga cha alimi ang'onoang'ono. Tsiku lina anaimba.

"Ababa, makope anu a mvula aja alipobe?"

"Funso lanji limenelo? Ukufuna a chaka chiti?"

"Onse, ababa. Anthu kuno akusowa manambala otere. Dzina lanu lidzalowa m'buku."

Mawa lake ndinamanga makope onse m'chitenje, ulendo wa ku Chileka kumene kuli shopu ya makina ojambulira mapepala. Ndinaima pambali pa mwini shopuyo tsiku lonse kuti asapinde tsamba ngakhale limodzi. Pofika madzulo anali atasiya kunditchula kuti madala, akungoti "inu".

Patatha mwezi Takondwa anaimbanso, mawu ali m'mwamba. Anali atayerekeza manambala anga ndi a akatswiri oyeza nyengo m'dera lathu, ndipo anapeza chodabwitsa. Pabwalo panga pokha mvula yodzalira inkabwera yochuluka kuposa kwina kulikonse, pamene mvula yonamiza ya mu Okutobala inkagwa yochepa. Pulofesa anati mwina ndi kakhalidwe ka mapiri ndi mphepo. Anati zimenezi sizinalembedwepo ndi munthu. Chaputala chachinayi, mtima wa buku lonse, chinamangidwa pa chitini changa.

Lamlungu lotsatira ndinapempha mpata pa zolengeza kutchalitchi. Ndinauza mpingo kuti azungu akuphunzira za mvula kuchokera pabwalo panga. Ndinawonjezera kuti amene akufuna kudzaona chitinicho azibwera Lachitatu masana. (Anabwera anthu anayi. Ndili ndi mayina awo.)

Kutatsala masabata atatu kuti buku liperekedwe, pulofesa anati akufuna kuona chitinicho ndi maso ake pafoni yoonana nkhope. Tinapangana Lachinayi, 10 koloko m'mawa. Ndinasesa bwalo ndekha, mtengo wa chitini ndinaupaka laimu, ndinavala suti ndi tayi. ANambewe anali pakhonde akutonola chimanga.

"Amake Takondwa, bwanji mukatonolere kuseri? Kukubwera alendo."

"Alendo a m'foni? Khonde ili ndinazira ndekha. Ndikhala pompano."

Foni inalira. Takondwa anaoneka ataonda, maso ofiira, atavala chipewa cha ubweya m'nyumba. Pambali pake panali pulofesa, atavala juzi yotuwa, kapu ya tiyi ili m'manja. Ine ndi suti. Ndinawalonjera m'Chingerezi cha nthawi yathu, chija chokhala ndi mutu ndi mchira, ndipo ndinawayendetsa pabwalo ponse. Ndinaonetsa mtengo, chitini, rula, ndi mapazi khumi ndi awiri ochokera padenga. Pulofesa ankagwedeza mutu akulemba. Kenako anafunsa ngati pali munthu wina amene amakhudza chitinicho.

"Palibe," ndinatero. "Ngakhale nkhuku za pakhomo pano zikudziwa."

Pofuna kuti a pakhonde amve mmene ndayankhira bwino, ndinabwereza funsolo ndi yankho lake m'Chichewa. Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje. Pakhonde panamveka kuseka, kuseka kwa munthu amene wakhala akukusunga kwa zaka zambiri.

Pulofesa anafunsa kuti akusekayo ndani. Takondwa anati ndi amayi. Pulofesa anapempha kuwalonjera, ndipo ine, poti ndine munthu wa mwambo, ndinatembenuzira foni kukhonde. Atalonjerana, pulofesa anauza Takondwa kuti afunse ngati amayi ankathandizako ntchito yoyeza mvula.

"Kuthandiza ndinkathandiza ndithu," anatero aNambewe, manja osasiya chimanga. "Bambo akowa sadzalitsa mpaka kachitini kawo kalole. Ndiye ine ndikaona kuti dothi lamwa mokwanira, ndinkalawirira iwo asanatuluke, n'kuthiramo kapu imodzi ya madzi a pamjigo. Akabwera ndi rula yawo, 'Amake Takondwa, yakwana! Tulutsani mbewu!' Ine mbewu nditatulutsa kale."

Ndinamasula tayi.

"Nanga ya mu Okutobala ija, amayi?" anafunsa Takondwa, mawu atatsika.

"Yonamiza ija? Imeneyo ndinkapungulako. Ukufuna akanatidzalitsa kuti mbewu ikapsere m'nthaka?"

"Takondwa," ndinatero msanga, "zimenezo usamasulire. Ndi nkhani za m'banja."

Pulofesa anali akuyang'ana mwana wanga, kudikira. Ine ndinatseka diso la foni ndi chala n'kunena mokweza kuti netiweki ya ku Lirangwe yavuta.

"Ababa, tikukumvani. Chotsani chala."

Ndinachotsa. Ndipo ndinaimirira pabwalo panga, pa dzuwa, m'suti, kumvetsera mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha Chingerezi akugwiritsa ntchito Chingerezi chomwecho kugwetsa chaputala chake, liwu ndi liwu, osadumpha kanthu. Pulofesa anaika kapu pansi. Anafunsa kuti zimenezi zinachitika kangati.

"Kuyambira chaka chachiwiri," anatero aNambewe. "Chaka choyamba ndinawamvera, tinadya chimanga chogula."

Masana omwewo Takondwa anaimba yekha, akulira ngati mwana wa sitandade wani.

"Ababa, chaputala chonse chapita. Kwatsala masabata atatu. Ndikalephera sandipatsa nthawi ina, ndibwera chimanjamanja. Ndasambitsa agogo a eni ake chaka chonse kuti ndibwere chimanjamanja?"

Ndinamuuza kuti asade nkhawa, masamu ndi ntchito yanga. Tingochotsa kapu imodzi pa chaka chilichonse, manambala abwerera m'malo mwake. Ndinatenga pensulo n'kufunsa amake kuti andipatse kapuyo ndiyeze.

"Kapu yake iti? Yoyamba inasweka. Ina munapatsa alamu anu. Chaka china ndinathira ndi chipande."

Sindinadye tsiku limenelo. Kwa masiku awiri ine ndi aNambewe tinkalankhulana kudzera mwa mphaka.

Lolemba Takondwa anaimbanso, ndipo sankalira. Pulofesa anali atamuuza kuti makopewo si otayika. Za mvula ndi abodza, inde, koma tsiku lililonse limene manambala anga anadumpha mosiyana ndi a akatswiri ndilo tsiku limene amayi anagamula kuti tidzale, ndipo limene anatsika ndilo limene anakana. Ndiye kuti kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, munthu wina wosamala kwambiri wakhala akulemba, mosadziwa, zigamulo za mlimi wamkazi amene sanaphonyepo nyengo. Chaputala chilembedwenso, koma chikhale cha amayi.

"Munthu wosamalayo ndi ine," ndinatero.

"Eya, ababa. Tawapatsani foni amayi."

Mawu amenewo ndinawamva tsiku lililonse kwa masabata atatu. Foni yanga, yogula ndekha, inkalira, ine n'kuyankha, Takondwa n'kungoti, "Tawapatsani amayi." Kenako ndinkaigwirizira pafupi ndi khutu lawo iwo akusankha tomato, akufotokozera Ulaya mmene amakumbira ndi khasu kuona pamene chinyontho chalekeza, mmene amafumbatira dothi kuona ngati likugwirana, za mphepo ikatembenuka, za inswa, za fungo la nthaka. Ntchito yanga inali kutsegula kope n'kuwerenga tsiku akandifunsa. Mphunzitsi wamkulu wa zaka makumi atatu, kusanduka choimikira foni. Takondwa ankadyera mulaibulale, ntchito ya nkhalamba anaipumira, ndipo bukulo analipereka kutatsala maola awiri.

Anakhoza, ndipo anakhoza bwino kwambiri. Izi sindikudandaula nazo. Tinakamulandira ku Chileka, amake akulira, ine nditanyamula chikwama. Tikufika kunyumba anandipatsa bukulo, lachikuto cholimba, ndipo ndinaliwerenga lonse ndi rula pansi pa mzere uliwonse. Dzina la aNambewe likupezekamo ka 41. Muli ndi chithunzi chawo atafumbata dothi. Ine ndikupezekamo kamodzi, m'tizilembo ting'onoting'ono ta pansi pa tsamba, pamene palembedwa kuti makopewa anasungidwa ndi mwamuna wa mayiyu, ndipo manambala ake asadaliridwe pa nkhani ya mvula.

"Takondwa, mwamuna wa mayiyu alibe dzina?"

"Pulofesa anati tikutetezeni, ababa. Anati mwina simungakonde kuti dzina lanu lioneke pamenepo."

"Nanga kutchalitchi ndikanene chiyani?"

"Musavutike," anayankha amake ali kukhitchini. "Ndinakanena kale kumvano."

Mwina mukuganiza kuti ndinasiya kuyeza mvula. Ayi. Ndinakawotcheretsa kakhola ka waya, chitini chili m'katimo, loko ndi kiyi zili ndi ine. Munda tinaugawa pakati: kumtunda kwa aNambewe ndi dzanja lawo, kumunsi kwa ine ndi sayansi yosasokonezedwa. Chitini chinandilola kudzala patatha masiku khumi ndi asanu ndi limodzi iwo atadzala. Za zokolola si nkhani ya kalata ino. Ndingonena kuti pakali pano ndikudya za kumtunda, ndipo mwini wake wati ndili ndi ufulu wolemba zimenezonso m'kope.

Choncho, ngati pakati panu awerengi pali wodziwana ndi akuluakulu a sukulu imeneyo, awafikitsire pempho ili, limene tsopano ndikulipereka kachinayi. Ndikupempha mwaulemu kuti andiuze tsiku limodzi lokha, pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, limene ndinawerenga rula molakwa. Madzi amene anali m'chitini ndi amene ndinalemba. Ngati tsikulo palibe, mawu akuti manambala anga asadaliridwe achotsedwe, ndipo dzina langa lilembedwe lonse, m'zilembo zoti munthu n'kuwerenga popanda magalasi. Yankho likhale lolembedwa papepala, losainidwa, lokhala ndi chidindo. Ndipo pa envulopu alembe dzina langa, chifukwa makalata awiri amene sukuluyo yatumiza kale pakhomo pano, onse ndinakawatenga ndekha ku positi, ndinawasainira ndekha, ndipo onse anali a aNambewe.