Nkhondo ya Mpando Wakutsogolo pa Sitima ya ku Greenwich

M'zaka zimene dziko linali litangovula zotseka pakamwa za mliri, ndege zitayambanso kuwoloka nyanja, ulemu wa mphunzitsi wa ku yunivesite ukuyezedwa ndi zidindo za m'pasipoti, kunanyamuka ku Malawi akadaulo asanu ndi mmodzi a zamalonda a pakati pa mayiko, kupita ku London kukaphunzira mmene amalonda akuluakulu amagwirizanirana popanda kukwezerana mawu.

Pagulupo panali mikango iwiri. Woyamba anali Pulofesa Goodwell Kanyumbu, Mwini Tayi Yofiira, Wogona m'Misonkhano Osagwetsa Cholembera, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri sanakhalepo kumbuyo mu minibasi ya yunivesite. Wachiwiri anali Dokotala Mariam Mtambalika, Mlembi wa Makalata Makumi Atatu, Wogonjetsa Mafomu a Visa, amene pakanapanda iwo ulendowo ukanathera pa khomo la ofesi.

Kalata ya akuluakulu a yunivesite inaiwala kutchula mtsogoleri wa ulendo. Koma kwathu zimenezi sizifuna kalata. Mtsogoleri amadziwika ndi mpando wakutsogolo, ndipo chithunzi chake ndicho chimakhala pachikuto cha lipoti la ulendo.

M'ndege sizinavute, poti onse anawaika kumbuyo, kufupi ndi chimbudzi. Zinavuta Lachiwiri m'mawa pa siteshoni ya Greenwich, pamene Peggy, namwino wa ku Romford, mwana wa mlongo wa Pulofesa, anawakweza sitima ya DLR kuti akawasiye ku Canary Wharf, kumene phunziro linali kuyamba teni koloko. Sitima imeneyi ilibe dalaivala. Pamalo pake pali mipando yoyang'ana galasi lalikulu, ndipo tsikulo wopanda munthu unali umodzi wokha.

Pulofesa anaponyapo ambulera ali chapatali, ngati mkondo. Dokotala anasanjikapo chikwama cha laputopu. Anaima onse awiri atagwira chitsulo chimodzi, sitima ikugwedezeka.

"Mayi Dokotala," anatero Wa Tayi Yofiira, "ndinkakhala kutsogolo inu musanadziwe kumene kuli laibulale. Ndakhala kutsogolo popita ku Zomba, ku Mzuzu, ngakhale ku maliro. Ndidzayambire kuno kuona misana ya anthu?"

"Bambo Pulofesa," anayankha Wogonjetsa Mafomu, "kutsogolo kumene munkakhalako kunali dalaivala wokunyamulani. Kuno wakunyamulani ndine. Pa fomu ya visa, pofunsa maulendo amene munayendapo, inu munalemba Salima."

Aphunzitsi anayi otsalawo anagawikana awiri awiri, malinga ndi amene amasaina tchuthi cha aliyense. Azungu anayang'ana mafoni awo mwakhama la anthu amene akumva zonse. Sitima inalowa pansi pa mtsinje wa Thames mkangano uli pa zaka za utumiki, inatuluka uli pa amene anaiwala mphatso ya aphunzitsi a ku London. Peggy anachenjeza amalume ake kawiri kuti Canary Wharf ndi pano, ndipo iye shifiti ikumudikira. Zitseko zinatseguka, zinadikira mwaulemu, zinatsekeka.

Pafupi ndi Stratford, kumapeto kwa njanji, sitima inagwedezeka mwamphamvu, ndipo Pulofesa, kaya mwangozi kaya mwa ukatswiri wa zaka zambiri, anagwera pampando. Sanadzukepo. Anakonza tayi, nalamula kuti ajambulidwe. Dokotala anasolola chikwama chawo kunsi kwa mdani, ndipo sitima itaima anatsika, nayenda siteshoni yonse mutu uli m'mwamba, nakweranso sitima yomweyo, nakakhala pa mpando wotsiriza wa kumbuyo kwenikweni, kuti dziko lione chimene lawachita.

Kenaka sitima inanyamuka chobwerera.

Pulofesa anaona njanji ikuthawa pamaso pawo. Anafunsa Peggy chapansipansi kuti kodi sitimayi itembenukira pati.

"Sitembenuka iyi, amalume. Ili ndi mitu iwiri. Panopa inuyo muli kumchira."

Olemba mbiri amati Pulofesa anapirira kumchirako masiteshoni atatu. Pa siteshoni yachinayi anatuma Peggy, monga kazembe, kukapempha zokambirana. Peggy anayenda kawiri pakati pa mutu ndi mchira, akuyang'ana wotchi, mpaka linabadwa Pangano la pa Njanji: popita mtsogoleri ndi wina, pobwerera ndi winayo, ndipo amene ali kumchira asatchedwe wakumbuyo, atchedwe woyembekezera kutsogolera.

Pofuna kuti panganolo likhazikike, analiyesa. Anapita ku Lewisham, kumapeto ena a njanji, Dokotala akutsogolera, anabwerera ku Stratford Pulofesa akutsogolera, aphunzitsi anayi ali pakati akugawana mtedza wa m'thumba la jekete. Canary Wharf anaidutsa kanayi, nthawi iliyonse akuiweramira pang'ono. Peggy anatsika osatsanzika. Phunziro la tsikulo, la luso lokambirana pa malonda, linatha iwo ali pansi pa mtsinje.

Lipoti linatuluka patapita miyezi itatu, ndipo limanena kuti gulu linaphunzira zakuya za kugwirizana. Lili ndi zikuto ziwiri. Mbali iyi kuli Pulofesa pa galasi la sitima, ukalitembenuza kuli Dokotala pa galasi la sitima. Wa ku laibulale anafunsa kuti chidindo adinde kutsogolo kwake kuti, ndipo nkhaniyo anaipereka ku komiti.