Phiko la Ndege Lochokera ku Halale

Malemu mkazi wanga NyaMhone akanakhala moyo, nkhaniyi bwenzi akuikamba okha, akuseka mpaka kutsokomola. Poti anatsogola, manyazi anga ndiwayala ndekha.

Zaka zambiri ndinali kalaliki pabwalo la ndege ku Halale. Kumeneko ndinawerenga m'magazini za ndege ya mapiko a labala: umapopa mpweya n'kuuluka, ukatera n'kuipinda ngati bulangete. Tsono bwana wanga posamuka anandisiyira chimtolo cha labala wachikasu, chokhala ndi valavu. Sindinafunse. Munthu wa sekondale afunsenso?

Pobwerera kumudzi, nditatsika sitima ya Ilala padoko la Nkhata Bay, wonyamula katundu anati, "Ada, muli chiyani umu?"

"Phiko la ndege," ndinayankha mokweza. "Lopopa. Sayansi imeneyo."

Mbiriyo pomafika pamsika, phiko lija linali litasanduka ndege yathunthu. Mawa lake inali ndege yankhondo. Masiku amenewo mawu otere sankagonera panjira. Pakhomo panafika tcheyamani wa chipani ndi anyamata ake.

"Khadi muli nalo?"

Ndinaonetsa.

"Nanga ndege ya zigawenga mwaibisa kuti?"

"Si ndege, bwana. Ndi phiko limodzi basi."

"Linalo ali nalo ndani?"

Tcheyamani analamula kuti chimtolocho chipopedwe pamsika, anthu onse akuona. Chikakhaladi phiko, ndipita kupolisi, ndipo opita ndi mlandu wotere sankabwerako msanga.

Anaitana wokonza njinga ndi pampu yake. Iye kupopa, ine kupemphera, koyamba chibadwire, kuti ndipezeke mbuli.

Labala anayamba kufufuma. Kunatuluka chimimba. Kenako khosi lalitali. Pomaliza mutu unadzuka pang'onopang'ono, wa mlomo wofiira ndi maso aulemu. Chibakha choseweretsa ana a azungu posambira!

Amayi ogulitsa usipa anagwa nalo phwete. Tcheyamani yekha sanaseke. Anachizungulira, n'kuchigogoda pamimba.

"Chimenechi chimauluka?"

Ndisanatsegule pakamwa, NyaMhone anagwada mwaulemu.

"Ada tcheyamani, kwathu chouluka ndi pakamwa pa amuna anga basi."

Tcheyamani anandimasula pomwepo. Ndinayenda msika wonse nditakumbatira chibakhacho, chifukwa kuphwetsa kwake sindinkakudziwa.

Kusekedwa ndi msika wonse n'kwabwino kusiyana ndi kukhulupiriridwa ndi tcheyamani.