Ndowa zinayi za fumbi kwa apongozi

"Atensau, atensau, makolega!" Amatero a tekiniku athu oyeza fumbi ku mgodi wa malasha ku Moatize akafuna kuti anzawofe titchere khutu, mimba patsogolo, chala m'mwamba, majombo akuponda ngati munthu wopondaponda dothi la njerwa. "Fumbi la mumpweya timayeza ndi mikrograma. Mukafuna miligrama, mugawe ndi chikwi. Pronto!" Ine ndinaloweza mawu, kayendedwe komwe, koma zakuti ugawe kapena uchulukitse ndinazisiya pageti.

Loweruka ndinakwera chapa, minibasi ya ku Zóbuè, kukatenga mkazi wanga Rozita ndi khanda lathu Tito. Apongozi anga aakazi anali atanena kale kuti mdzukulu wawo sakapuma malasha ku Moatize. Ndiye mukudziwa, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, iwo anakhala kuseri kwa nkhokwe, ine pakhonde, nkhani yonse mofuula, anthu a m'nyumba zoyandikana nkumamvera ulere.

"Fumbilo ndi lochuluka bwanji, bambo?"

Ndinadzuka, mimba patsogolo, chala m'mwamba. "Timikrograma chabe, amayi, pa metro kubiku!"

"Kuno mbatatesi timayeza pa ndowa. Zanuzo ndi ndowa zingati?"

Munthu wanzeru akanakhala pansi, si choncho? Ine ayi. Ndinachulukitsa ndi chikwi kuti ndipeze miligrama, ndinachulukitsanso kuti ndipeze grama, pofika pa kilo mutu ukufuka utsi, ndipo ndinalengeza modekha kuti m'chipinda chathu chogona mumayandama ndowa zinayi za malasha.

Kenaka mlamu wanga Zeka anafunsa mwaulemu ngati ndingamamutumizireko imodzi yophikira.

Ndinati pepani, ndasochera, tibwerere. Ndinagawa, ndinagawanso, mpaka fumbi linatheratu, Moatize nkuyera kuposa pamwamba pa phiri la Zóbuè. Chifuwa ndiye chinandipereka! Khoso, khoso, ndinapukuta pakamwa ndi kampango koyera, Zeka nkukanyamula ndi zala ziwiri, ulendo wa kuseri kwa nkhokwe.

"Zakudazi ndi mikrograma kapena ndowa, bambo?" anafuula apongozi.

Apo ndi pamene Rozita analankhula, mwana ali kubere, osadzutsa ndi mutu womwe. "Amayi, bambo a Tito masamu sadziwa, sukulu anaithawa kugawa kutangoyamba. Fumbi liliko. Mbale ndimatsuka kawiri, tisanadye ndi titadya. Ine ndi mwana tidzapita mvula ikagwa."

Ndinabwerera ndekha pa chapa. Masiku ano a tekiniku akangoti atensau, ine ndimavala masikara otchinga mphuno ndi pakamwa, ndipo sindivulanso, ngakhale pakhonde pa apongozi.