Mmene ndinaphunzitsira foni kubzala nandolo

Wokayika adzuke pabenchipo akadikirire njinga yake kwina, chifukwa ine Likhutcha sindinanamepo chibadwire, ndipo inu aMakwinja musandiyang'ane choncho, chubu chanu chili ndi mabowo asanu, nthawi muli nayo. Foni ili m'thumba mwanuyo, imene imakuuzani tsiku lobzala nandolo, ndinaiphunzitsa ulimi ndine. Mukumva?

Zinayambira pa amake Esinati, akazi anga. Kuchokera kuno ku Nkhulambe mpaka ku Nazombe, munthu akafuna mbewu ya nandolo ankabwera pakhomo pathu, ndipo kukalabu ya alimi mayiwa akatsegula pakamwa ngakhale nkhuku zinkaleka kupalasa. Ndiye kunabwera pulogalamu ija ya m'mafoni yolangiza alimi, nkumati nandolo mubzale chimanga chikafika m'mawondo. Mayi anu anati ayi, kuno timaponya pamodzi ndi chimanga, mvula yoyamba, mzere womwewo. Anthu anaseka, ati agogo akutsutsana ndi makina. Kuyambira pamenepo tsiku la kalabu likafika akazi anga ankapeza chochita kuseri kwa nyumba, kutembenuza makaka a chinangwa ouma kale. Zinandipweteka, abale, kuona munthu wanga akuopa msonkhano wa m'mudzi mwake momwe.

Ndinapita kwa alangizi, mayi Chirwa aja a ku Rumphi, kukafunsa kuti mwini wake wa pulogalamuyo amakhala kuti, ndikamuone maso ndi maso. Anandiuza kuti ilibe mwini, ndi ya aliyense, anthu a m'mayiko osiyanasiyana amaikonza mothandizana, ndipo zonse zimasungidwa m'kaundula wotchedwa giti, amene saiwala kuti mzere uwu anasintha ndi uje tsiku lakuti. Umatengako yako monga titengera mitengo ya chinangwa kwa mnzathu, nkukabzala kwako, zikachita bwino nkubweza. Ine amene ndinataipa makalata a ku mishoni mpaka makina anatha mano, ndinabwereka laputopu ya alangiziwo, ndipo zimene ana anu amaphunzira zaka zinayi ku yunivesite ndinazimaliza tiyi asanazizire.

Vuto linali netiweki, mukudziwa nokha mmene imathawira kuno. Ndinamanga laputopu pakaliyala nkupalasa kukwera phiri la Michesi mpaka pansonga osatsika ngakhale kamodzi, anyani akundikankha kumbuyo mosinthana, ndipo batire itatha ndinagoneka njinga chagada, dzanja lamanzere likuzungulitsa pedulo kuti dayinamo ipereke moto, lamanja likutaipa, laputopu pabondo, foni pamano, mpaka pulogalamu yonse inatsika kuchokera kumwamba nkulowa m'laputopumo, nkulemera moti mwala ndinakhalirawo unamira, ndipo dzenjelo lilipo mpaka lero, mbuzi zimamwamo madzi. Mukumva?

Lamulo la giti ndi lakuti sukhudza thunthu la pulogalamu, umatsegula nthambi yako pambali, usinthire pamenepo, oyang'anira aone kaye. Ndinatsegula, ndinapeza mzere wa nandolo uja, ndinaukonza. Tsono posunga chimene wasintha, giti amafuna ulembe mawu ochepa onena zimene wachita. Mawu ochepa, kwa anthu amene sitinaonanepo? Ine ndinaleredwa. Ndinayamba ndi moni, kufunsa ngati adzuka bwino iwo ndi ana, nkuwauza kuti kuno tili bwino kupatula bondo langali, nkufotokoza za mvula, za maliro a ku Kaduya, za makolo athu mmene anabwerera kuchokera ku Mozambiki atasenza mbewu pamutu, uthengawo nkutalika kuchoka pa Michesi kukafika pa Migowi, ndipo nditaukankha kuti upite, mawaya anatentha, njiwa zimene zinaterapo zinagwa zowotcha kale, anthu a pa Migowi anadya ndiwo zaulere sabata yathunthu. Kafunseni.

Woyang'anira anali mayi wina wa ku dziko lozizira. Anayankha mwaulemu ndithu kuti moni walandira, bondo lichire, koma wawerenga mpaka maso kuwawa ndipo nandolo sakumuona, choncho pempho langa walibweza. Anati ndilembe mzere umodzi wokha, ndiponso ndinene kuti nzeruyi ndi ya ndani, waiyesa kwa nthawi yaitali bwanji.

Ndili mkati mokwiya, bambo wina wa kutsidya la nyanja anasinthanso mzere womwewo, giti nkunena kuti pali mkangano, sangasankhe yekha. Mizere iwiri ija inagwirana pakhosi, laputopu ikufuka utsi, zilembo zikuthothoka nkumagwera m'maudzu, ine nkupisa dzanja pakabowo kolowetsera fulashi mpaka m'chigongono, nkuileretsa, nkuikhazika pansi ngati ankhoswe, nkugamula kuti wa bamboyo ukhale wonena za kwao, wathu unene za kuno, chifukwa mvula yake si mvula yathu. Inapepesana pomwepo.

Funso la mayi uja ndi limene linandivuta. Mu giti mzere uliwonse umayenda ndi dzina la mwini wake, ukalakwika wofunsidwa ndi iyeyo. Dzina langa linali kale pa zala, ndipo mukundidziwa, sindikana ulemu. Koma ndinatsika phiri, nkuwapeza amake Esinati kuseri kwa nyumba, nkuwafunsa kuti nandolo akhala akubzala chonchi kuyambira liti. Anati kuyambira asanandidziwe, ndipo sanagonepo ndi njala chifukwa cha zimenezo. Nditanena kuti ndikufuna kuika dzina lawo, anandifunsa:

"Ndiye zikakanika abwera kwa ine?"

Ndinati eya, abwera kwa inu.

"Lembani. Abwere."

Ndinakweranso phiri, nkulemba mzere umodzi, wopanda moni, mtima ukundiwawa chifukwa cha mwanowo, nkuikapo dzina lawo. Mayi wa ku dziko lozizira analandira, nthambi yanga nkulumikizidwa ku thunthu, mafoni onse a m'Phalombe nkulira nthawi imodzi mpaka ng'ombe za ku Nazombe zinathyola makola. Tsiku la kalabu litafika mayi Chirwa anadzera pakhomo pathu, akazi anga anavala chitenje cha kutchalitchi, ndipo kumeneko alangizi anawerenga malangizo atsopano mokweza, nkutembenuza laputopu kuti onse aone dzina la mwini mzerewo. Aja anasekawo anayang'ana pansi. Mayi anu sananyoze munthu, anangoyamba kufotokoza za kasungidwe ka mbewu ngati sanajombepo, ine ndili kumbuyo misozi ikulengeza, ndikunamizira fumbi.

Chubu chanu chatha, aMakwinja, koma khalani kaye, chimodzi ichi chithere pabenchi pano. Chaka chija ine ndemwe ndinamvera foni. Kamunda kanga ka kumtsinje ndinadikira chimanga chifike m'mawondo, nkubzala nandolo mobisa, ndipo sindinakololemo ngakhale ndiwo za tsiku limodzi. Amake Esinati ankadutsa pamenepo m'mawa uliwonse popita kotunga madzi, anaona zonse, ndipo mpaka lero sanandifunsepo. Amangondipakulira nandolo wa m'munda mwao, ine nkumadya.