Makumba Anga Pamayeso

Usiku watha ndinalota zopusa, amayi anzanga, koma imvani. Mukudziwa kuti alangizi alamula kuti Lachisanu tiphwetse madamu, tichotse makumba athu akale kuti asasakanize magazi ndi nsomba yatsopano imene apanga akafukufuku. Ine ndinagona nazo zimenezo.

Ndiye ndinapezeka ndili padamu langa, koma damulo lili m'kalasi, madzi olekeza m'chiuno. Makumba anga akhala pamabenchi. Kutsogolo kwaima bambo Chinkwita, mlangizi wathu, ndi mayi wa jasi loyera uja anabwera chaka chatha kudzadula tizipsepse ta nsomba zanga n'kutiika m'timabotolo.

"Agogo, lero tikuwerenga zam'magazi," anatero bambo Chinkwita. "Yokhoza ibereka. Yolephera ipita m'chiwaya."

Ine ndinati, "Nsomba izi zandidyetsa zaka makumi awiri. Mayeso enanso a chiyani?"

Sizasi imene inali patebulo ndi imene inayankha. "Ine ndimangodula, mayi. Funsani sikelo."

Sikelo nayo inati, "Ine ndimadziwa kulemera basi. Zoti zinapirira chilala sizikwera pa ine."

Mwadzidzidzi khosi la mayi uja linayamba kutalika, jasi lija n'kumera nthenga, ndipo anasanduka kakowa. Ndikacheuka, bambo Chinkwita asanduka katumbu, kapusi ili kumutu, bolopeni ili m'manja. Ndiye katumbuyo akaitana dzina, nsomba imaimirira mwaulemu, iye n'kuimeza, n'kulemba kuti yasamutsidwa. Benchi loyamba linatha. Lachiwiri linatha.

Ndiye kunja kunalira hutala, chitseko n'kutseguka, n'kulowa nsomba yatsopano ija itakwera wilibala. Kukula ngati chitseko chomwecho, itavala nsapato, nambala pachifuwa m'malo mwa dzina. Ndinaiyang'anitsitsa. Maso ake, mlomo wake, ndi za makumba aja malemu amuna anga anabweretsa m'ndowa kuchokera kumtsinje tikukumba kumene damu.

Ndinati, "Iwe, si mdzukulu wa nsomba zanga iwe? Sutha kupereka moni?"

Inandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Pepani mayi, mwabwera ndi kalata?"

Kakowa anaseka ndi khosi lonse. "Musadandaule, agogo. M'magazi a nsomba zanu tinapezamo kupirira, tinachotsa, tinasokerera pa kukula kwa nsomba zina. Chabwino chonse chili umu. Zatsala kwa inuzo ndi makoko."

"Nanga ibereka?"

"M'damu mwanu ayi. Tikupatsani zamphongo zokhazokha. Mbewu muzidzatenga kwa ife chaka ndi chaka."

Ndinati, "Mudzi wa amuna okhaokha ndimaudziwa. Malemu anakhalako kumigodi, ndipo chimene chinabadwa kumeneko ndi chifuwa."

Palibe anaseka kupatula sizasi.

Mwadzidzidzi ndinamva chinthu chikundikoka chitenje pansi pa madzi. Inali nsomba yotsiriza, yaikazi, yoonda, masaya ali tutumu. Mukudziwa makumba amasunga ana ake m'kamwa. Inalankhula movutika, "Mayi, dzina langa ndi lotsatira. Yasamulani."

Ndinawerama n'kuyasamula. Inandilavulira tiana tonse m'kamwa, tozizira, tikuyendayenda palilime. Ndinatseka pakamwa. Katumbu anaitana, mayi wawo anaimirira, ndipo anasamutsidwa.

Ndiye kalasi ija inasanduka msonkhano, mipando yapulasitiki ikuyandama, inu nonse mutakhala kumbuyo mutavala zitenje zofanana, mukuomba m'manja. Ndinakuonani, Nankhoma, musazembe maso. Katumbu anagogoda tebulo.

"Ife sitikakamiza munthu. Tabwera kudzamva maganizo a alimi. Agogo, inu ndinu wamkulu pano. Ngati muli ndi chotsutsa, nenani tsopano."

Mawu ndinali nawo, odzaza dengu. Koma ndikangotsegula pakamwa, tiana tigwera m'madzi, ndipo kakowa anali ataloza kale mlomo wake pachibwano panga. Ndinapukusa mutu kukana.

"Akuvina," anatero kakowa. "Asangalala."

"Tikudikira, agogo," anatero katumbu. "Kamodzi. Kawiri."

Ine chete, misozi ikutsikira m'damu.

"Lembani kuti avomera."

Ndinadzidzimuka nsagwada zitalimba, m'kamwa muli malovu okhaokha. Chinandidzutsa ndi khasu, kho, kho, kho, kumunsi kwa nyumba. Mkamwini wanga, amene sachedwa pa mawu a alangizi, anali atayamba kale kugumula khoma la damu, lero Lachitatu.