Madzi a Nsomba za Esinati

Lolemba
Esinati, mwana wanga namwino wa ku Nathenje, wabwera ndi bokosi lagalasi lalikulu ngati khola la nkhunda. Akuti BP yanga ikufuna ndizikhala pansi kuonerera nsomba. Ine nsomba yokhazika mtima pansi ndimaidziwa ya m'mbale, koma ndangovomera. Nsomba zake zisanu ndi imodzi, zofiira ngati tomato, waziweta zaka ziwiri, abwera nazo Loweruka. Ntchito yanga ndi kukonza madzi. Wandisiyira timabotolo tiwiri:
– kena kochotsa klorini
– kena akuti muli tizilombo tabwino
"Ababa, madontho khumi basi. Musawonjezere nzeru zanu." Nzeru zomwezo ndi zimene zinamufikitsa ku sukulu ya unamwino.

Lachiwiri
Ndowa zisanu ndi zitatu za pamjigo. Madontho khumi. Ndikudikira. Madzi angoti mbee, ngakhale kafungo. Mankhwala osawawa, osanunkha, osasintha mtundu, amenewo n'mankhwala? Tizilombo tabwinoto ndatisuzumira ndi magalasi a mayi akunyumba, a Nabanda. Sindikuona ndi kamodzi komwe. Amubera mwanayu kutauni.

Lachitatu
Ndili pa msika wa Mitundu kufunsa akatswiri.
– Wogulitsa mankhwala a ziweto akuti dibi wa ng'ombe, kachivindikiro kamodzi.
– Mlamu wanga akuti mchere, poti nsomba ndi mchere n'pachibale.
– A Kamwendo, eni madamu atatu a chambo kudambo: "Madzi oyera ndi njala, achimwene. Thirani zitosi za nkhuku kuti abiriwire."
Nsomba za a Kamwendo ndinadyapo, za enawo ayi. Nditafika kunyumba ndasesa m'khola, mbale ziwiri zodzaza, khuthu m'galasi.

Lachinayi
Pabalaza sipakukhalika. Madzi ali ngati thobwa wogonera sabata. Amayi akutchalitchi abwera kudzacheza ndi a Nabanda, pemphero lachitikira pansi pa mango, lalifupinso. Alendo atapita, a Nabanda angotenga klorini uja alangizi azaumoyo amagawa wothira m'madzi akumwa, akhuthulira yense m'galasi. Ine ndathira kochotsa klorini, kabotolo konse. Iwo apita kwa aneba kukapempha wina. Zaka makumi anayi sitinamenyanepo, lero tikulimbanirana m'madzi!

Lachisanu
Mawa nsomba zikubwera. Mantha. Ndabwereka mlamba kwa a Kamwendo kuti uyambe walawa. Mlambatu, nsomba yogona m'matope chilimwe chonse osadandaula. Ndauponyamo. Wazungulira kamodzi, wandiyang'ana, walumpha, phwa pansi, n'kuyamba kukwawa kulunjika pakhomo. Nkhuku zachita kuupatuka.
Ngati uyu wakana, nanga zofiira zoleredwa ngati ana a bwana zija?
Ndakhuthula zonse, ndatsuka katatu, fungo lakakamira m'timiyala tapansi. Timabotolo tatha, poti ka tizilombo ndinakathiranso dzulo mkangano uli mkati. Nambala ya Esinati ndaidina kawiri n'kudula isanalire. Mwanayu nsombazi amazitchula mayina. Lero nthabwala zandithawa.

Loweruka
Ndavala jekete. Ndakonza mabodza atatu, lachitatu likunamizira mphaka. Esinati watsika pa kabaza, m'manja muli chikwama ndi buledi. Ndowa palibe.
"Nsomba zija wazisiya kuti, mama?"
"Kwathu. Amayi anandiimbira Lachitatu, inu muli kalikiliki kusesa m'khola."
Ndangokhala pakhonde. Sindinadziwe kuti munthu angasangalale chonchi ataneneredwa. Akuti madzi a pamjigo alibe n'klorini yemwe, kabotolo kochotsa klorini kaja anangondisiyira kuopera. Akuti tizilombo tija timachulukana tokha munthu akatisiya. "Ntchito yanu yonse inali kudikira, Ababa." Wandiyeza BP. Wayang'ana makina, wayang'ana ine, wawabweza m'chikwama.

Lamulungu
Galasi alikulunga m'bulangete, lakwera galimoto ya mnzake wa Esinati kubwerera ku Nathenje. Chigamulo chake: ndizipita kukaona nsombazo kamodzi pamwezi, manja ali m'thumba. A Nabanda akukolopa pabalaza uku akuimba. Ndawathokoza pondinenera. Akuti sanamve, ndibwereze. Ndabwereza. Akuti wailesi ya aneba ikusokosa. Ndabwerezanso, chipewa chili m'manja.
Zisanu ndi imodzi zonse zili moyo, chifukwa ine ndi izo sitinakumane.