Mzere wa ku Drumcondra

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa zaka zambiri, ndipo mukaimva mumvetsa chifukwa chake.

Ndine injiniya pa kampani ina yaikulu ya cloud kuno ku Dublin. Ntchito yanga ndi kuyang'anira ma server, makompyuta akuluakulu osunga zinthu za makasitomala, kuti asazime. Kumudzi amati ndinalemera, koma chaka chimenecho landlord wathu wa ku Tallaght anatipatsa notice kuti akugulitsa nyumba. Kunatsala masabata awiri, mkazi wanga ali woyembekezera, katundu ali m'makatoni, kolowera kulibe.

Tsiku lina agent mmodzi anandiyankha: viewing, kukaona nyumba ya lendi, ku Drumcondra, dera lina la mu Dublin momwemo, 4 koloko masana. Sabata imeneyo ndinali on-call, woyenera kuyankha foni nthawi iliyonse zinthu zikavuta, ndiye ndinazemba ku ofesi foni ya ntchito ili m'thumba, ma payslip ali m'manja.

Nditangokhota mumsewumo, mvula ikuwaza, ndinaona mzere wautali pakhomo lina. Anthu a majekete akuda, nkhope zakugwa. Nambala ya nyumba sindinayang'anenso. Ofuna nyumba ku Dublin amaoneka choncho.

Bambo amene anali patsogolo panga anacheuka. "Munadziwana naye bwanji Seamus?"

Mumtima ndinati ameneyo ndiye landlord. "Pa intaneti," ndinayankha.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Pakhomo panali mayi wachikulire akupatsa aliyense moni wa m'manja. Ndinamwetulira mano onse pamtunda.

"Zikomo pobwera," anatero mayiwo.

"Zikomo ndinu, mayi. Amene ankakhala muno anachoka liti?"

"Lachiwiri m'mawa." Anapukuta m'maso. "Anavutika nthawi yaitali."

"Ndi heating kapena chinyezi?"

"Mapapo."

"Ndiye chinyezi chimenecho!" ndinatero ngati katswiri. "Koma ine sindidandaula. Chipinda chakecho ndikhoza kulowamo mawa lomwe."

Ndinawapatsira ma payslip m'manja. Asanatsegule pakamwa, mzere unandikankhira pabalaza.

Abale anga! Bokosi la maliro lotsegula pakati pa chipinda. Seamus ali gone mu suti, korona m'manja, wansembe ataima kumutu.

Kwathu maliro umawamvera kutsidya kwa mtsinje. Apa anthu ankamwa tiyi ndi masangweji! Ndinaganiza zogwada, ndipemphere pang'ono, ndituluke mwaulemu ngati mwana woleredwa bwino.

Bondo litangogunda pansi, foni ya on-call inalira. Foni imeneyo ilibe silent, anaikonza dala kuti izidzidzimutsa munthu. Ndinaitulutsa n'kuyankha. Anali Declan, mnzanga wa ku ntchito, akukuwa kuti server yaikulu yasiya kuyankha, makasitomala akulalata, bwana akundifuna.

Mutu unasokonekera. Pakamwa panangotuluka zimene ndimanena tsiku lililonse, mokweza, m'Chingerezi chomveka bwino, nditagwada pafupi ndi mutu wa malemu:

"If it's dead, just restart it!"

Kunena kwake: ngati chafa, ingochidzutsaninso. Wina anaika kapu pansi. Wansembe anatseka buku.

Mayi aja anabwera pang'onopang'ono, nandibwezera ma payslip anga atawapinda bwinobwino.

"Madokotala anayesa katatu," anatero motsitsa mawu.

Mmene ndinatulukira sindikukumbuka. Viewing yeniyeni inali nyumba yachitatu kutsogolo, ndipo ndinapeza agent akukhoma chitseko, nyumba atatenga ena.

Ukaona mzere ku Dublin, yamba wafunsa ngati mwini nyumba akupuma.